Duwa la Zelipa ndi Adiresi Yopanda Bokosi

A Yesaya Mulepa anagwira ntchito ya m'gadeni panyumba ya manijala wa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Luchenza kwa zaka zoposa makumi atatu. Mabwana ankabwera ndi kupita, poyamba azungu, kenako Amalawi anzathu ochokera m'maboma akutali. Aliyense wofika ankawapeza a Yesaya ali chiweramire m'maluwa, ndipo pochoka ankawasiya ali chiweramirebe. Pa pepala la ku ofesi ntchito yawo inalembedwa kuti gadeniboyi, ndipo imvi zinadzaza mutu wonse dzina limeneli lisanasinthe.

Anali munthu wamfupi, wamatewe pang'ono, wosayankhulayankhula. Makolo awo anachokera ku Mozambique kudzathyola tiyi, ndipo iwonso anayamba ndi dengu kumsana. Tsiku lina dona wachizungu anawaona akubzala kanthambi ka duwa lotayidwa m'chitini kuseri kwa fakitale, n'kuwaitanitsa kunyumba kwake. Basi, dengu la tiyi analisiya tsiku lomwelo.

Anakwatira Zelipa n'kukakhala chikamwini kumudzi kwa mkazi wawoyo, m'munsi mwa phiri. Ana anabadwa atatu, koma anakula ndi mmodzi yekha, Lackson. Pakhomo pawo a Yesaya ankabzala maluwa mpaka m'mphepete mwa bafa, ndipo alamu awo sankatopa kuwaseka.

"Alamu, malo a nandolo mwabzalapo zokongola? Mwezi wa njala mudzaphika maluwa?"

Iwo ankangomwetulira. Munthu mmodzi yekha amene sankaseka anali Zelipa.

M'chaka cha 1998 anthu anali pakalikiliki kugwetsa mitengo ya m'phiri kuti alime. Tsiku lina Zelipa anatsika ndi mtolo wa nkhuni, pamwamba pake atamangirirapo chipika chachifupi. Pa chipikacho panali kachomera ka masamba ochindikala, mizu yake yotuwa itagwira khungwa ngati zala za mwana.

"Abambo a Lackson, taonani chinthu ichi. Dothi ayi, madzi ayi, koma chili moyo."

"Mwapita kunkhuni kapena kokazula udzu?"

"Inu si ndinu odziwa maluwa? Mtengo wake augwetsa, chikanapsa pamoto. Chisungeni, tidzaone chimene chidzatulutse."

A Yesaya anachipachika pansi pa denga la khonde. Chaka chinatha, china n'kuthanso. Kachomerako kankangotulutsa tsamba limodzi, lina n'kuuma, duwa osaoneka. Lackson anapita ku Joni kukafuna ntchito m'chaka cha 2000. Chaka chotsatira Zelipa anadwala chifuwa miyezi inayi n'kumwalira.

Mwambo wa maliro utatha, akuchikazi anawasudzula monga zimakhalira ndi mkamwini. Palibe anawathamangitsa ndi mawu oipa, koma nyumba, munda ndi nthochi zinali za kuchikazi, ndipo kwawo kwenikweni kunalibe wotsala woti n'kuwalandira. Anatuluka m'mudzimo ndi sutukesi, khasu, jekete la kutchalitchi ndi chipika chija. Bwana wa nthawi imeneyo anawalola kugona m'kachipinda kuseri kwa khitchini. Chipika anakachimangirira mumthunzi, patsinde pa mtengo wa mapeyala kumapeto kwa gadeni.

Lackson analemba makalata awiri okha. Onse anadzera m'thumba la makalata la esiteti, limene mesenjala ankakatenga ku positi Lachisanu lililonse. Ndiye Lachisanu masana a Yesaya ankasamba m'manja, kutsetsereka ku ofesi, n'kuima pazenera chipewa chili m'manja.

"Palibe, madala."

"Zikomo."

Zaka zisanu zinadutsa choncho. Kutchalitchi ankapita, moni ankapereka, koma panali masiku ena oti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa mawu amene atuluka pakamwa pawo anali "zikomo" yekhayo.

M'chaka cha 2006 kunabwera manijala watsopano ndi mkazi wake, mayi Pearl, ochokera ku Mzuzu. Mayiyu anali mphunzitsi, koma atafika kuno ntchito analibe. Ana anali kusukulu zogonera komweko, bambo ankachoka m'mamawa kupita kufakitale, ndipo nyumba yoyandikana nayo inali kuseri kwa minda itatu ya tiyi. Chiperoni chikatsika, nkhungu n'kuphimba mabulugamu, mayi Pearl ankangokhala pakhonde atafunda shawelo, kuyang'ana poyera pomwe panalibe choona.

Anali ndi kamera yaing'ono yosalowa filimu. M'mawa wina anawapeza a Yesaya ataima chilili pafupi ndi maluwa ofiira a kumpanda.

"A Yesaya, mwaona njoka?"

"Ayi madamu, ndi birimankhwe. Amabwera pano chaka chilichonse. Musamudzidzimutse, akusaka ntchentche."

Mayi Pearl anajambula. Patapita masiku atatu anawaitana pakhonde, m'manja ali ndi pepala lolembedwa ndi makina.

"Khalani pansi, ndikuwerengereni. Pali gulu la anthu okonda maluwa pa intaneti. Ali m'mayiko osiyanasiyana, ena ku Kenya, ena ku India, ena ku Ulaya. Aliyense amajambula za m'gadeni mwake n'kupositi, anzake n'kumayankha. Birimankhwe wanu uja ndinamupositi, ndiye taonani mayankho."

Mawu oti intaneti a Yesaya sanawasamale, anangoti ndi dzina la bungwe la anthuwo. Koma kupositi ankakudziwa bwino. Ndiko kumata sitampa, kuponya m'bokosi lofiira, n'kudikira. Chinawadabwitsa ndi liwiro lokha, koma anaganiza kuti makalata a mabwana amakwera ndege, ndipo mesenjala amawapititsa kunyumba osadikira Lachisanu. M'nyumbamo sanalowepo kupitirira chitseko cha kukhitchini, choncho kompyuta imene inali kuchipinda chamkati sanaionepo ikugwira ntchito. Iwo ankangoona mapepala, ndipo pepala lokhala ndi moni pamwamba ndi dzina pansi ndi kalata basi.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankayendera gadeni awiriwiri. A Yesaya ndiwo ankadziwa kumene kambalame ka mlomo wautali kamayamwa maluwa, tsamba limene gulugufe waikirapo mazira, ndi chule amene ankagona m'keni yothirira. Mayi Pearl ankajambula, iwo atagwira nthambi kuti isagwedezeke. M'zithunzi zonsezo munkaoneka manja awo okha, akuda, ong'aluka m'mphepete mwa zikhadabo.

Mwa anthu onse oyankha, amene sankaphonya anali a Peterson, nkhalamba ya ku Scotland imene inapuma ntchito yoyendetsa sitima. Akazi awo anamwalira, ankakhala okha, ndipo chifukwa cha kuzizira maluwa awo ankawasunga m'kanyumba ka magalasi. Tsiku lina anadandaula kuti nkhono zikuwathera mbande.

"Muwalembere kuti azungulize phulusa," anatero a Yesaya. "Louma, osati lonyowa. Mvula ikagwa athirenso."

Patatha sabata ziwiri mayi Pearl anabwera ndi pepala akuseka. "Akuti nkhono zathawa. Akuti ndifunse aphunzitsi a Yesaya za nsabwe za m'masamba."

A Yesaya anayang'ana pansi, n'kupukuta manja pa ovolosi. Zaka zonse zija mabwana ankawauza chochita: dulani apa, thirirani apo. Panalibe anawafunsapo nzeru n'kukaiyesa, kenako n'kubwera kudzanena mmene zayendera. Tsiku limenelo anapalira bedi lonse la kumpanda akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi.

Panatenga chaka kuti awaonetse mayi Pearl chipika chija. Anafotokoza mwachidule za Zelipa ndi mtolo wa nkhuni, mayiyo n'kujambula n'kupositi. Yankho la a Peterson linali lalitali. Anati chomeracho ndi cha mtundu wa maokidi, amene amamera pamitengo ya m'nkhalango, koma mitundu yake ndi yambirimbiri ndipo dzina lenileni silingadziwike popanda kuona duwa. Anati pamene chili pachita mdima kwambiri. Achikweze m'mwamba, pamene dzuwa la m'mawa ndi nkhungu zimafika, ndipo asiye kuchithirira tsiku ndi tsiku. Pomaliza analemba kuti: "Chikadzachita maluwa mudzanditumizire chithunzi, ine ndidzakuuzani dzina lake."

Tsiku lomwelo a Yesaya anabwereka makwerero, n'kuchimangirira paphanda ya mtengo wa mapeyala, cha kum'mawa, pamwamba pang'ono pa mutu wa munthu.

Mu Ogasiti 2008 bwana anapeza ntchito ina ku Lilongwe. Zinachitika mwachangu, sabata imodzi lole inali pakhomo. Mayi Pearl, ali pakati pa makatoni, anawapatsa a Yesaya envulopu yaikulu ya mapepala onse aja.

"Sungani, ndi anu awa."

"Nanga madamu, chija chikadzatulutsa, ndidzawapeza bwanji a Peterson?"

"Adiresi ya gulu ndi iyi pamwambapa," anatero akuloza mzere wa zilembo zing'onozing'ono, uku akukuwira anyamata a lole kuti asagoneke firiji. "Mudzangopeza wina akupositireni. Tsalani bwino, a Yesaya, mwandisunga."

Manijala amene analowa m'malo anali wosakwatira, wokonda mpira ndi foni. Iye ankangofuna kapinga wodulidwa ndi galimoto yotsukidwa. A Yesaya anabwerera ku moyo wawo wakale, kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano pazenera la ku ofesi ankafunsa makalata a anthu awiri.

"Za ku Joni palibe. Za ku Ulaya nazonso palibe," ankatero mesenjala. "Koma madala, nenani zoona, mwapeza chibwenzi kwa azungu?"

"Ndi mnzanga wa maluwa."

"Mnzanuyo sitampa yamudulira, eti?"

Seputembala, Okutobala, Novembala. A Yesaya anayamba kuganiza kuti mwina a Peterson ankalembera madamu okha, iwo anali ongogwira nthambi. Masiku ena ankati mwina akudwala, poti kwawoko akuti kumazizira mpaka madzi kuuma. Madzulo akaweruka ankatulutsa mapepala aja n'kumawayang'ana. Chingerezi sankachidziwa, sukulu analekeza Sitandade 3, koma dzina lawo ankalipeza pamzere uliwonse pamene linali.

Mvula itakhazikika mu Disembala, anaona kanthu kobiriwira katatuluka pansi pa masamba a chomera chija. Poyamba anati ndi muzu. Koma kanatalika n'kuwerama, kenako kanachita timatuza. Ankakayang'ana m'mawa, masana ndi poweruka, osakakhudza. Sabata yachiwiri ya Januwale, Lachinayi m'mawa, anapeza atatu atatseguka. Pofika Loweruka onse khumi ndi limodzi anali atamasula, oyera mbee, ooneka ngati nyenyezi, lililonse ndi kamchira kakatali kolendewera. Dzuwa likamapendeka ankatulutsa fungo lokoma, lofika mpaka pakhomo pa kachipinda kawo.

A Yesaya anavula chipewa. Zaka khumi. Anatembenuka kuti aitane munthu, koma pabwalo panali zii. Anapita kukhitchini kukakoka wophika.

"Eee, zoyera bwino," anatero wophikayo akupukuta mbale. "Ndiye zibereka chipatso chanji?"

Bwana naye a Yesaya anamudikira pagalimoto kuti amuuze. Bwanayo anagwedeza mutu foni ili kukhutu, maso osatembenuka n'komwe.

Munthu mmodzi yekha padziko lonse ndiye anapempha kuliona duwa limeneli, ndipo a Yesaya ankadziwa kuti maluwa oyera chonchi sakhalitsa. Lamulungu potuluka m'tchalitchi anamugwira dzanja Rodwell, wojambula zithunzi amene ankazungulira m'midzi ndi m'makompaundi pa njinga, kamera ili pakhosi.

Rodwell anafika Lolemba masana thukuta lili kamukamu.

"Ndiye tijambula ndani, madala?"

"Icho, paphandapo."

Rodwell anayang'ana m'mwamba, n'kuyang'ana a Yesaya. "Maluwa okhaokha? Popanda munthu?"

"Ee. Chikupita kunja."

"Ndiye m'pamene pavuta. Chithunzi chopanda munthu ndi chithunzi? Azunguwo adzati ku Malawi kamera imangodziwombera yokha. Ine zaka khumi ndi ziwiri ndikujambula maukwati, sindinawonongepo filimu pa tchire. Komanso m'filimu muno mwatsala kamodzi kokha. Kavaleni jekete."

A Yesaya anafuna kukana. Koma anaganizanso kuti munthu waulemu wake ngati a Peterson, kumutumizira chinthu koyamba popanda mwini wake kuonekera, ndi ngati kupereka moni uli kuseri kwa chitseko. Anakasamba kumaso, kuvala jekete la kutchalitchi ndi nsapato zakuda, n'kudzaima pansi pa phanda, manja ali m'mbali ngati msilikali.

"Duwalo lioneke bwino, Rodwell."

"Lioneka, musandiphunzitse ntchito. Dikirani ndibwerere m'mbuyo, nsapato zikudulidwa. Nsapato zabwino chonchi zisaoneke? Chibwano m'mwamba. Musaphethire!"

Filimu inkakatsukidwa ku Limbe, ndipo Rodwell sankapita asanasonkhanitse mafilimu angapo. Panadutsa masiku khumi. A Yesaya ankaona maluwa akusanduka achikasu m'mphepete, limodzilimodzi n'kumagwa. Tsiku limene Rodwell anabweretsa chithunzi, paphanda panali patatsala awiri ofota.

"Taonani mmene mwatulukira! Ngati nduna!"

Pachithunzipo panali a Yesaya athunthu, kuyambira chipewa mpaka nsapato, kapinga, ndi theka la thanki ya madzi. Pamwamba pa phewa lawo la kumanzere panali timadontho toyera, ngati pamene mbalame yadutsa. A Yesaya anachiyang'ana nthawi yaitali. Anamuthokoza Rodwell, chifukwa panalibenso chojambula.

Anakhala pakhomo pa kachipinda kawo n'kulemba kalata m'Chichewa, pa pepala la m'kope. Analemba kuti ali bwino, kuti anachita monga anawauzira, kuti maluwa anatuluka khumi ndi limodzi okhala ndi michira, ndipo pansi anawonjezera kuti: "Ili ndi duwa la Zelipa, mkazi wanga, ndiye analitola." Pa envulopu anakopera adiresi ija chilembo chimodzichimodzi, timadontho ndi timizere topendekera tonse, osasiya kalikonse. Mesenjala sanafune kumupatsira, kuopa kusekedwa. Lachisanu anapempha chilolezo n'kukwera kabaza kupita ku Luchenza.

Mayi wa pakauntala ku positi anatembenuza envulopuyo kawiri.

"Agogo, bokosi nambala ili pati?"

"Ndi mmene anandipatsira madamu."

"Nanga tawuni yake? Dziko?"

"Ndi ku Scotland, koma imayamba yafika ku bungwe lawo, ku Intaneti. Madamu ankapositi pa adiresi yomweyi, masiku atatu yankho labwera."

Mayiyo anadziluma mlomo. Pamzere panali anthu, wina anayamba kale kuseka, koma iye anamuyang'ana mpaka anasiya.

"Agogo, kupositi kwa madamu anuwo si kwa kuno. Kuno ndi kwa masitampa. Kwawoko kalata siyenda pa galimoto kapena pa ndege, imalowa mu kompyuta. Mukaiponya m'bokosi umu ingokhala, palibe koipititsa. Mwaiona shopu yobiriwira kutsidya kwa msewuyo, yolembedwa fotokope? Mukafunse Miriam, mukanene kuti ndakutumani ndine."

Miriam anali mayi wachitsikana, mwana ali kumbuyo, akusindikiza makadi a ukwati. M'shopumo munali makina a fotokope, mafoni awiri ndi kompyuta imodzi yofunditsidwa nsalu. Anamvetsera nkhani yonse osawadula, n'kuwakokera mpando.

"Tiyese, agogo, koma netiweki ya kuno ndi ya moyo wake. Mukhale ndi mtima."

Analemba adiresi ija akuyang'ana pa envulopu. "Mwakopera bwino, simunaphonye ngakhale kadontho." Anadikira. Pagalasi panayamba kutsika chithunzi pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba: tsamba, duwa lofiira, kenako diso lotukuka.

"Birimankhwe wanga uyo!" A Yesaya anaimirira. "Walowa bwanji muno?"

"Amakhala momwemuno. Izi ndi zanu zonsezi? Dikirani, pansi apa pali zolemba." Miriam anatsitsa, akuwerenga milomo ikugwedera. Kenako anasiya kugwedeza mwana.

"Agogo, a Peterson ndi ndani?"

"Ndi mnzangayo. Ali moyo?"

"Akhala akukufunani. Iyi ndi ya Seputembala, akuti, mayi Pearl asamuka, kodi alipo angandiuze za bambo Yesaya? Iyi ya Okutobala, akufunsanso. Iyi ya Novembala, akuti ndamva kuti ku Malawi mvula yayamba, muwauze ayang'ane pansi pa masamba. Ya Disembala ndi yaifupi. Akuti, ndikudikirabe."

A Yesaya anakhala pansi, chipewa chili pamaondo.

"Ndiye makalata ankabwera?"

"Ankabwera, agogo. Koma amafikira muno."

"Miyezi isanu ndikuvutitsa mesenjala." Anapukusa mutu, n'kuseka pang'ono, kuseka kosatuluka mawu. "Ine kumati munthu wandiiwala. Iyenso uko kumati ndamuiwala."

Miriam anawalembetsa dzina m'gulumo, anaika chithunzi pa makina ena kuti chilowe mu kompyuta, n'kutembenuza kalata ija m'Chingerezi mmene akanathera. Atafika pa chithunzi anachiyandikiza kumaso.

"Duwalo ndi liti?"

"Apo, paphewa."

"Iii, agogo. Wojambulayo ndi ndani, Rodwell?"

"Yemweyo."

"Ndinadziwa. Pa ukwati wa mng'ono wanga anajambula nsapato za aliyense." Anadina. "Basi, yapita. Kumeneku ndiye kupositi kwake."

"Popanda sitampa?"

"Popanda sitampa."

"Ayankha liti?"

"Akatsegula kompyuta yawo. Mwina lero, mwina mawa."

A Yesaya anakhala pabenchi panja pa shopu, kuyang'ana maminibasi a ku Limbe akudzaza ndi kunyamuka. Kawiri konse Miriam anayang'ana n'kupukusa mutu pazenera. Mitambo ya mvula itayamba kuda cha ku Mulanje, ananyamuka. Sabata imeneyo maluwa awiri otsala aja anagwa. Anawatola n'kuwaika m'envulopu imene inakanidwa ku positi ija.

Lachisanu lotsatira anafika shopu isanatsegulidwe. Miriam atangowaona anayamba kumwetulira akumasula loko.

"Yabwera Lolemba. Ndaisindikiza kale. Khalani, ndikuwerengereni."

Anawerenga pang'onopang'ono, akutembenuza mzere ndi mzere.

"Akuti, bambo Yesaya, mwandisangalatsa kuposa mmene ndingalembere. Chithunzi ndachikulitsa mpaka pomaliza, ndayang'ananso ndi galasi langa lowerengera, koma duwa lachepa kwambiri. Pali mitundu ingapo ya michira yotero, ndipo sindifuna kukunamizani dzina. Tidikire chaka chamawa, wojambula adzayandikire mpaka duwa lidzaze chithunzi chonse." Miriam anakweza maso. "Mwamva, agogo? Mudzabwere ndi ine, ndidzabwereka kamera. Rodwell ayi."

"Pitirizani, mayi."

"Akuti, koma musamukalipire wojambulayo. Zaka ziwiri ndakhala ndikuona manja anu okha, lero ndaona nkhope. Jekete lakukhalani. Chithunzi ndachipachika m'kanyumba kanga ka magalasi, ndipo poti dzina la m'mabuku sitinalipeze, pansi pake ndalemba lomwe mwalemba inu, Duwa la Zelipa. Ndili ndi zaka 79, koma ndiyesetsa kudikira."

A Yesaya analandira pepalalo ndi manja awiri. Anafufuza ndi chala mpaka anapeza pamene panalembedwa Zelipa, pakati pa mawu achingerezi. Analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la mkati.

"Muyankha chiyani?" anafunsa Miriam.

"Mulembe kuti ndamva. Mulembenso kuti kukazizira asamatuluke m'mawa opanda chipewa."

Pobwerera anatsika kabaza pa geti n'kuyenda wapansi pakati pa minda ya tiyi. Podutsa pa ofesi mesenjala anatulutsa mutu pazenera.

"Madala! Za ku Ulaya palibe!"

"Ndikudziwa kumene zimafikira. Za ku Joni?"

"Palibenso."

"Zikomo."

Kunyumba kunali zii, bwana anali asanabwere, wophika atapita kumsika. A Yesaya anavula jekete, kulipachika pamsomali, n'kupita kumapeto kwa gadeni. Paphanda panali masamba asanu ochindikala ndi kaphesi kouma. Anakwera pa chidebe n'kuyesa chingwe ngati chikadali cholimba, chifukwa mphepo ya mvula inali itayamba.

"Make Lackson," anatero chapansipansi, "chija chinatulutsa. Oyera, khumi ndi limodzi. Dzina sitinalidziwebe, akuti mpaka Januwale."

Anatsika, n'kutenga keni kukathirira mbande.